Sola ku Joni: mafunso amene anthu amafunsa kawirikawiri

Ife amene timakwera madenga kuika sola kuno ku Johannesburg sitipuma mafunso. Kutchalitchi, kumzikiti, pamaliro, ngakhale pamzere wotumiza ndalama kumudzi, munthu akangomva ntchito imene umagwira amayamba ndi "achimwene, tandiuzani". Mafunso ake amakhala omwewomwewo, ndiye tawaika pamodzi pano. Funso lanu likakhala kuti layankhidwa kale pena, tikulozerani pomwepo.

Dzuwa limawala chaka chonse kuno, nanga bwanji dziko lino likudalirabe malasha?

Dzuwa lilibe mlandu. South Africa ili m'gulu la mayiko amene amalandira dzuwa lambiri padziko lonse, makamaka chigawo cha Northern Cape, kumadera a Upington, Kathu ndi De Aar. Ngakhale Johannesburg yomweyi, mu June ndi July pamene kuzizira kumalowa m'mafupa, kumwamba kumakhala kopanda mtambo.

Koma magetsi pafupifupi 80 pa 100 alionse amachokerabe ku malasha, ndipo malo ambiri opangira magetsiwo ali ku Mpumalanga, pafupi ndi migodi. Nthambo zikuluzikulu, malamulo, ngakhale mmene makhonsolo amapezera ndalama, zonse zinakonzedwa poganizira malasha ndi kampani imodzi ya magetsi ya boma, Eskom. Sola yabwera kupeza zonsezo zitakhazikika kale. Zimene zikuitchinga ndi ndalama, denga, nthambo, malamulo ndi amisiri, ndipo chilichonse chili ndi funso lake m'munsimu.

Si mu 2023 momwe aliyense amaika sola? Zinathera pati?

Chaka cha 2023 chinali choipa kuposa zaka zonse pa nkhani ya load shedding, kuthimitsa magetsi mosinthanasinthana madera. Magetsi anathima mwadongosolo masiku oposa 300, ndipo pa Stage 6, mlingo wokwera wa kuthimitsako, anthu ankakhala mumdima maola ochuluka tsiku limodzi. Aliyense amene anali ndi kangachepe anathamangira sola. Malinga ndi kuwerengera kwa Eskom, sola yapadenga inali yosafika mamegawati 1,000 kumayambiriro kwa 2022, koma pofika kumayambiriro kwa 2024 inali itadutsa 5,000.

Kenako kumapeto kwa March 2024 kuthimathima kunaima, ndipo kunakhala kulibe mpaka kumapeto kwa January 2025. Mafoni a makasitomala anasiya kulira. Timakampani tambiri timene tinangotumphuka nthawi ya mdima tinatseka, ndipo anyamata amene ankanyamula mapanelo ndi kukoka mawaya anabwerera kumaganyu a m'magadeni ndi openta. Vuto loyamba la bizinesiyi ndi limenelo: inakula chifukwa cha mantha a mdima, ndipo mantha atachepa, msika wa m'makomo unafota. Makampani akuluakulu, mafakitale, migodi ndi masitolo akupitirizabe kuika, chifukwa iwo amawerengera ndalama zimene apulumutse pa zaka khumi.

Ndiye ngati magetsi sakuthimathimanso, sola ndi yachiyani?

Pali zifukwa ziwiri. Choyamba ndi mtengo wa mayunitsi. Bungwe la NERSA, limene limavomereza mitengo ya magetsi, linalola Eskom kukweza ndi 18.65 peresenti mu 2023, kenako pafupifupi 12.7 peresenti mu 2024, ndi chimodzimodzinso mu 2025. Malipiro a wantchito sakwera chotero.

Chachiwiri, kutha kwa load shedding sikutanthauza kuti magetsi sathima. Kumadera monga Soweto, Orange Farm ndi Diepsloot kumachitika load reduction, pamene amathimitsa magetsi m'mamawa ndi madzulo kuti thiransifoma isapse ndi kuchuluka kwa anthu olumikiza. Kwina ndi akuba nthambo za kopa, kwina ndi zipangizo zakalekale zimene zikungofa zokha. Munthu wa ku Rosettenville kapena Turffontein amene wakhalapo masiku atatu firiji ili chete safunika kumufotokozera zambiri.

Mapanelo akuti anatsika mtengo. Bwanji kuika sola kukadali kodula?

Anatsikadi, ndipo anatsika kwambiri. Koma panelo ndi gawo lotsika mtengo pa zonse. Ndalama zambiri zimapita ku batire ndi inveta (kabokosi kosintha magetsi a mapanelo ndi batire kuti agwire ntchito m'nyumba), kenako zitsulo zogwirira mapanelo padenga, mawaya, zotetezera ku mphezi, ntchito ya mmisiri ndi chiphaso. M'chaka cha 2023, nyumba ya banja yofuna inveta ya makilowati 5, batire ndi mapanelo okwanira inkalipira ndalama zopitirira R100,000. Lero zatsikako, komabe ndi masauzande makumimakumi.

Tsono ikani pambali pake malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa mu March 2025, R28.79 pa ola. Pa malipiro amenewo, wogwira maola 45 pa sabata ankapeza cha m'ma R5,600 pa mwezi, momwemo lendi, takisi, chakudya, ndi ya kumudzi. Mabanki ali ndi ngongole za sola, ndipo pali makampani obwereketsa zipangizo mwezi ndi mwezi, koma onse amafuna kuti nyumba ikhale yanu kapena mwini wake asaine, kuti mukhale ndi pepala la malipiro, ndiponso mbiri yabwino ya ngongole. Ambiri a ife timagwera pa funso loyamba lomwelo.

Ndimachita lendi. Ndingaike sola?

Funso ili ndi limene limabwera kuposa ena onse, ndipo yankho lake silikoma. Denga si lanu. Popanda chilolezo cha landilodi, makamaka cholembedwa, musaboole lata kapena kusuntha thailosi. Chinthu chomangiriridwa kunyumba chimabweretsa mkangano tsiku losamuka: inu mukuti mapanelo ndi anga, iye akuti ndi mbali ya nyumba, ndipo dipoziti yanu ali nayo ndi iyeyo.

Landilodi nayenso alibe chomukakamiza. Mayunitsi mumagula ndinu, ndiye akaika sola wopindula ndinu, wolipira ndi iye. M'mafulati a ku Hillbrow, Berea ndi Yeoville nkhani imavuta kuposa apo, chifukwa denga ndi la eni mafulati onse pamodzi, ndipo palibe angaikepo kanthu popanda chilolezo cha komiti yoyang'anira nyumbayo. Komanso denga limodzi pamwamba pa nyumba yosanja kakhumi silingakwanire mabanja onse okhala pansi pake. Wokhala m'chipinda chakuseri kwa nyumba ya bwana, kapena m'kanyumba ka malata ku Diepsloot, ali ndi vuto lake: denga ndi lopepuka, mthunzi wa nyumba zoyandikana uli ponseponse, ndipo panelo ili pamalo oti munthu ataima pa ndowa aifikira.

Chimene chimatheka ndi sola yonyamula. Panelo imodzi kapena ziwiri zoimika pabwalo masana n'kulowetsa madzulo, ndi kabokosi kokhala ndi batire ndi inveta pamodzi. Kamayatsa mababu, kutchaja mafoni, kuyendetsa TV ndi rauta ya intaneti. Telala angayendetsepo makina wamba osokera. Musakalumikize ku soketi ya pakhoma kuti magetsi alowe m'nyumba yonse. Kuchita zimenezo kumabweza magetsi m'nthambo za kunja, ndipo kungaphe munthu amene akukonza poganiza kuti nthambozo ndi zozima.

Mukaona chithunzi cha mzindawu chojambulidwa kuchokera kumwamba, mapanelo ali mbuu ku Bryanston, Fourways ndi Northcliff, koma Alexandra, imene yangoyang'anizana ndi Sandton kutsidya kwa msewu wa M1, ndi malata okhaokha. Msika wa sola wa m'makomo unafika pamene pathera eni nyumba okhala ndi ndalama, n'kuima pomwepo.

Sola ingayendetse giza, ketulo ndi sitovu?

Ingayendetse, koma ndi ndalama zambiri. Werengani nokha. Panelo ya mawati 550 kuno imapereka mayunitsi awiri ndi theka kapena atatu pa tsiku lowala bwino. Ketulo imakoka cha m'ma mawati 2,000. Giza (thanki yotenthetsera madzi) ya malita 150 nthawi zambiri imakoka 3,000. Batire la mayunitsi 5 litapatsidwa giza yokha, maola awiri sakwana lisanathe. Chilichonse chotenthetsa, kaya ndi ayironi, hita kapena sitovu ya mapuleti awiri, ndi mdani wa batire. N'chifukwa chake nyumba zambiri zokhala ndi sola zimaphikira gasi, ndipo giza amaiika pa tayima kuti izitenthetsa masana dzuwa lili pamutu.

Apa ndi pamene pagona vuto la sola m'dziko lonse. Imapereka kwambiri masana, pamene anthu amafuna magetsi kwambiri madzulo, makamaka m'nyengo yozizira, aliyense akafika kunyumba n'kuyatsa sitovu ndi hita nthawi imodzi. Popanda posungira, dzuwa la masana silithandiza mphika wa madzulo. Malo ena akuluakulu ayamba kumanga mabatire, monga a kampani ya Scatec ku Kenhardt amene anayamba kugwira ntchito kumapeto kwa 2023, okhala ndi mapanelo a mamegawati 540. Oterewa akadali ochepa.

Batire labwino ndi liti?

La lithium. Mabatire akale aja a asidi ndi a gel safuna kutsitsidwa kupitirira theka, ndipo nthawi ya Stage 6 ambiri anafa chaka chisanathe chifukwa sankapeza mpata wodzaza. La lithium ndi lodula pogula koma limakhala zaka zambiri. Batire la galimoto silinapangidwire ntchito imeneyi.

Kodi boma limathandizapo?

Linathandizapo kanthawi kochepa. Kuyambira pa 1 March 2023 mpaka kumapeto kwa February 2024, munthu wolipira msonkho ankabwezeredwa 25 peresenti ya mtengo wa mapanelo, osapitirira R15,000. Mapanelo okha, batire ndi inveta ayi, pamene taona kale kuti ndalama zambiri zili komweko. Mabizinesi anapatsidwa mwayi wochotsa 125 peresenti ya zimene awononga poika sola pa ndalama zimene amazilipirira msonkho, ndipo umenewu unatha mu February 2025.

Thandizo lodzera kumsonkho limafika kwa amene amalipira msonkho wochuluka kale. Mayi wogwira ntchito ya m'nyumba sanalione n'komwe. Ndipo chilimbikitso cha chaka chimodzi chimapangitsa anthu kuthamangira nthawi imodzi kenako zii, zimene sizithandiza kampani yofuna kulemba antchito okhazikika.

Akuti sola iyenera kulembetsedwa. Kwa ndani?

Ngati sola yanu yalumikizidwa ku mawaya a nyumba imene imalandiranso magetsi a kunja, iyenera kulembetsedwa kwa amene amakugulitsani magetsiwo. Mbali yaikulu ya Johannesburg ndi City Power, kampani ya magetsi ya khonsolo ya mzindawu, koma Soweto, Diepsloot, Orange Farm, Ivory Park ndi mbali zina za Sandton ndi Eskom. Tembisa ndi Kempton Park zili pansi pa khonsolo ya Ekurhuleni. Aliyense ali ndi mafomu ake ndi zofuna zake, moti mmisiri mmodzi wogwira ntchito m'madera atatu amayenera kudziwa njira zitatu. Zofunazo zasinthanso kangapo m'zaka zochepa, ndipo kusinthasintha kumeneku kwachititsa eni nyumba ambiri kungokhala osalembetsa. Funsani zimene zikugwira ntchito panopa musanagule kanthu.

Chimene sichisintha ndi chiphaso chotchedwa CoC, chimene amapereka ndi mmisiri wa magetsi wolembetsedwa kuboma. Nyumba ikapsa popanda chimenechi, a inshuwalansi amakhala ndi pokanira. Kabokosi konyamula kamene tatchula pa funso la lendi sikafuna kulembetsa.

Magetsi otsala ndingawagulitse?

Pamapepala n'zotheka. Pamafunika mita yowerenga mbali zonse ziwiri, kulembetsa, ndipo kawirikawiri kusintha mtundu wa akaunti, zimene zimabwera ndi ndalama zokhazikika zolipira mwezi uliwonse. Mtengo umene amakugulirani yunitsi ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi umene amakugulitsirani. Cape Town ndi imene inatsogola pa nkhaniyi, ndipo inayamba kulipira ndalama zenizeni mu 2023. Kuno eni nyumba ambiri amangouza inveta kuti isatulutse kanthu kunja. Batire likadzaza cha m'ma 11 koloko m'mawa, mapanelo amangokhala padzuwa osagwira ntchito, pamene nyumba yoyandikana nayo ikugula mayunitsi.

Ndi zoona kuti olemera akaika sola, ife a prepaid timalipira zambiri?

Muli choonadi. Makhonsolo amagula magetsi kwa Eskom n'kugulitsa ndi phindu, ndipo phindulo limakonzera nthambo ndi kuthandizira ntchito zina za mzinda. Amene ankagula mayunitsi ambiri, pamtengo wokwera, ndi omwewo amene aika sola. Sanachoke pa nthambo, amazifunabe usiku ndi tsiku la mitambo, koma ndalama zimene amalipira zachepa. Nthambo, mathiransifoma ndi antchito zikufunabe ndalama zomwezo.

Mu July 2024 City Power inayamba kudula R200 pa mwezi, msonkho wa VAT usanaikidwe, kwa makasitomala a prepaid, kupatula amene analembetsa kuti ndi ovutika. Anthu anadandaula kwambiri, ndipo m'pomveka: kwa munthu wogula magetsi a R400, imeneyo ndi theka. Kungakhale kunama kunena kuti sola yokha ndi imene yabweretsa zimenezi. Pali magetsi obedwa, mabilu osalipidwa, ndi ngongole imene inafikitsa Eskom poopseza mzindawu mu November 2024 kuti iudulira magetsi. Komabe maganizo athu ndi akuti funso la amene alipire nthambo ndi lalikulu kuposa funso la mtengo wa panelo. Ndalama zokhazikika zikakwera, sola imachedwa kubweza ndalama zake ndipo anthu amagwa ulesi kuika. Zikapanda kukwera, katundu amagwera wotsala. Mpaka pano palibe amene wapeza poimira pokomera onse.

Nanga minda ikuluikulu ya sola ikuchedwa chifukwa chiyani?

Nthambo. Boma linayamba kugula magetsi kwa makampani oima paokha mu 2011 kudzera mu ndondomeko ya REIPPPP, ndipo minda yambiri inamangidwa ku Northern Cape. Koma nthambo zochokera kumeneko ndi zochepa, poti kale kunalibe chopangira magetsi chachikulu, ndipo tsopano zadzaza. Zili ngati kukolola chimanga chambiri kumunda kopanda msewu wofika lole. Pa gawo lachisanu ndi chimodzi la ndondomekoyi, kumapeto kwa 2022, boma linkafuna mamegawati 4,200, koma linangopeza cha m'ma 1,000 a sola, ndipo ntchito zonse za magetsi a mphepo zinakanika chifukwa chosowa polumikiza.

Malamulo anamasuka ndithu. Mu 2021 malire opangira magetsi popanda laisensi anakwezedwa kuchoka pa megawati imodzi kufika pa 100, ndipo kenako anachotsedweratu. Kampani ya NTCSA, imene inapatulidwa ku Eskom kuti iziyang'anira nthambo zikuluzikulu, inayamba ntchito mu July 2024. Dongosolo lake likufuna makilomita oposa 14,000 a nthambo zatsopano m'zaka khumi. Munda wa sola umamangika chaka chimodzi kapena ziwiri, koma nthambo yodutsa m'mafamu a anthu mazanamazana imafuna kukambirana ndi mwini malo aliyense, ndipo imatenga zaka zambiri.

Palinso anthu a ku Mpumalanga amene moyo wawo wonse uli pa malasha. Mantha awo si opusa. Munda wa sola umalemba anthu ambiri pomanga, koma ukatha umangofuna ochepa otsuka ndi kulondera.

Bwanji zipangizo zonse zikuchokera ku China?

China imapanga mapanelo oposa 80 pa 100 alionse padziko lapansi, ndipo palibe amene akupikisana nayo pa mtengo. Mafakitale ochepa a kuno amalumikiza mapanelo pogwiritsa ntchito tizigawo tochokera kunja komweko. Pofuna kuwateteza, boma linaika msonkho wa 10 peresenti pa mapanelo olowa m'dziko pakati pa chaka cha 2024. Oika sola anadandaula kuti mafakitale a kuno sangakwanitse msika wonse, ndiye msonkhowo ungokweza mtengo. Randi ikagwa, mitengo ya inveta ndi batire imakweranso sabata yomweyo.

Matalala, mphezi ndi akuba?

Panelo yabwino imapirira matalala wamba. Aakulu ngati amene anagwa mu November 2023 kumadera a Midrand ndi Rosebank amaswa, choncho uzani a inshuwalansi kuti mwaika sola. Mphezi ndi yoopsa kuposa matalala kuno, ndipo imakonda kupha inveta. Zotetezera mphezi ndi waya wopita pansi si malo opulumutsirapo ndalama. Akuba amatenga mapanelo, mawaya ndi mabatire, ndipo zobedwazo zimagulitsidwa motchipa pa Facebook ndi m'mbali mwa msewu. Panelo imene chizindikiro chake chakumbuyo chamatulidwa, isiyeni. M'miyezi yopanda mvula, kuyambira May mpaka September, fumbi limakuta magalasi, ndipo madzi ndi kansalu kofewa m'mawa dzuwa lisanatenthe ndi zokwanira.

Mmisiri wachinyengo ndingamudziwe bwanji?

Nthawi ya mdima ija aliyense wokhala ndi bakkie (galimoto yonyamulira katundu) ndi makwerero anasanduka katswiri wa sola, ndipo ntchito zimene tikukonza lero ndi zawo. Timapeza mawaya opyapyala otentha ngati ali pamoto, mapulagi a mapanelo ofinyidwa ndi pulayala wamba mpaka kusungunuka, mapanelo oyang'ana kummwera pamene kuno ayenera kuyang'ana kumpoto, ndi batire loikidwa pafupi ndi botolo la gasi. Ntchito zoterezi zawonongetsa mbiri ya bizinesi yonse.

Funsani kuti CoC asaina ndani, ndipo muone nambala yake yolembetsera. Funsani ngati ali ndi PV GreenCard, umboni wakuti anaphunzira kuika sola, imene imayendetsedwa ndi bungwe la makampani a sola la SAPVIA. Pemphani manambala a anthu awiri amene anawaikira chaka chatha, osati mwezi watha. Wofuna ndalama zonse asanabweretse katundu, mutsanzikeni. Kukhala Mmalawi mnzathu si chiphaso.

Ndikufuna kuphunzira ntchitoyi. Ndiyambire pati?

Ambiri timayamba ngati othandizira: kukweza mapanelo, kumanga zitsulo, kukoka mawaya. Manja amaphunzira msanga. Chovuta ndi mapepala. Wosaina CoC ayenera kukhoza mayeso a umisiri wa magetsi ndi kulembetsedwa ku Department of Employment and Labour. Amene ali ndi satifiketi ya kumudzi, monga ya TEVETA, ayenera kuipititsa ku SAQA, bungwe la kuno loona za masatifiketi, kuti aiyeze, ndipo zonsezi zimafuna pasipoti ndi pemiti zili bwino. Pali anyamata odziwa ntchito kuposa amene amawasainira, koma amalandira za tsiku. Dziko likudandaula kuti amisiri a sola ndi ochepa, pamene ena ali padenga pomwepo opanda njira yopezera chiphaso.

Mukakwera padenga, kumbukirani kuti mapanelo sazimitsidwa ndi switchi. Dzuwa likangowala, mzere wa mapanelo olumikizidwa umakhala ndi mavoti mazana angapo. Bwana akakana kupereka lamba wodzimangirira, ntchito imeneyo ikaneni.

Ndigule kuno n'kutumiza kumudzi, kapena ndikagule komweko?

Kumudzi sola ikufunika kuposa kuno, poti midzi yambiri ESCOM sinafikeko. Minda ikuluikulu iliko, monga wa ku Salima wa mamegawati 60 umene unatsegulidwa mu 2021 ndi wa ku Golomoti wa mamegawati 20, koma imeneyo imathira m'nthambo za ESCOM, siyatsa nyumba ya amayi anu kumene kulibe pholo.

Mitengo ya kuno imaoneka yabwino, makamaka chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023. Koma werengerani ulendo wonse. Panelo yaikulu ndi galasi lotalika kuposa munthu, ndipo idutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza kapena Dedza ili m'ngolo pamodzi ndi mabedi ndi mafiriji. Ming'alu ina sioneka ndi maso, imangodziwika mphamvu ikayamba kuchepa. Walanti ya ku Johannesburg siithandiza munthu wa ku Mangochi. Sungani malisiti onse, ndipo funsani a MRA za msonkho katundu asananyamuke.

Ife timalangiza kutumiza zing'onozing'ono zodula, monga inveta ndi kontirola yoyang'anira kutchaja kwa batire, zitakulungidwa bwino, ndipo mapanelo mukagule ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu kwa wogulitsa amene mungamubwerere. Batire la lithium muuzeni transipota kuti ndi batire, asaliike pansi pa katundu wolemera kapena padzuwa. Musanagule chilichonse, imbirani foni kumudzi, alembe zonse zimene akufuna kulumikiza, ndipo muwafunse mwachindunji ngati pa mndandandawo pali ayironi kapena firiji, chifukwa zimenezo sazitchula mpaka katundu atafika.